Kudzisamalira osalowa m'ngongole: kagulidwe ka zodzola, zovala ndi tsitsi pamene m'thumba muli mochepa

Chaka china ndinalandira malipiro a Novembala, ndipo dzuwa lisanalowe theka lake linali litapita. Sindinabedwe ayi. Anabwera amayi atatu, aliyense ndi kabuku kake. Kwa wina ndinatengako perefyumu, kwa wina wigi, kwa wachitatu nsapato ndi chikwama. Onse atatu anandiuza mawu amodzimodzi tsiku lomwe ndinkatenga katunduyo: "Tengani asisi, musadandaule, mudzapereka mwezi ukatha." Mwezi unathadi. Lendi ndinalipira mochedwa, ndipo za Khirisimasi ya ana ndinagula ndi ngongole ina. Wigi ija ndinaivala kawiri.

Sindikulemba izi kuti ndikuletseni kudzikongoletsa. Mayi amene amadzuka kusanache, kuphika, kukonzekeretsa ana, kuthamangira minibasi, n'kubwera madzulo kudzayambiranso, ayenera kukhala ndi kanthu kake komusangalatsa, ndipo asachite nako manyazi. Chimene chinandigwetsa ine n'chakuti ndalama ya zodzola inalibe malo ake. Inkangodya ya lendi, ya makala ndi ya ndiwo mwakabisira. Njira zili m'munsimu ndi zomwe ndinatsata kuti ndalama imeneyi ikhale ndi malo ake ndi malire ake, ndipo ndaziyala motsatana monga mmene zimayendera.

1. Musanagule kanthu, tulutsani zonse muzione

Sankhani Loweruka lina masana. Yalani chitenje pabedi, tsekulani kabati, zikwama zonse ndi katoni ija ili kunsi kwa bedi. Ikani poyera mabotolo, timachubu, sopo, mameshi otsala, ndolo ndi zibangili. Kenaka pangani milu itatu. Woyamba ukhale wa zomwe mumagwiritsa ntchito mlungu uliwonse. Wachiwiri wa zabwinobwino zomwe munaziiwala. Wachitatu wa zoyenera kutaya: zasintha fungo, zasintha mtundu, kapena mafuta ndi madzi zalekana m'botolo.

Tembenuzani botolo lililonse muone kumbuyo. Pa zodzola zambiri pamakhala kachithunzi ka kabotolo kotsekula chivundikiro, kolembedwa 6M, 12M kapena 24M. Nambalayo ndi miyezi yomwe chinthucho chimakhala chabwino kuyambira tsiku lomwe munachitsekula. Zopaka m'zikope, monga mascara, musazisunge kupitirira miyezi 3 mutatsekula, chifukwa tizilombo timaswana m'kachubumo ndipo diso silichedwa kudwala.

Ine nditachita izi koyamba ndinapeza mabotolo anayi a mafuta odzola, onse otsala theka. Mulu wachiwiriwo ndiye sitolo yanu ya miyezi iwiri ikubwerayi. Lamulo lake ndi limodzi: chatsopano chilowe m'nyumba chakale chikatha.

2. Kwa mwezi umodzi, lembani chilichonse

Gulani kope la ana asukulu. Kwa masiku 30 musasinthe kagulidwe kanu, ingolembani. Tsiku, chinthu, mtengo. Ngati mumalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, musafufute mauthenga aja, chifukwa ndiwo mboni yanu madzulo mukamalemba.

Musaiwale ndalama zobisala. Kukonzetsa tsitsi sikuthera pa mtengo wa woluka. Pali minibasi kapena kabaza popita ndi pobwera, pali zakumwa ndi chiwaya chomwe mumadya chifukwa mwakhala pampando maola asanu, pali ndalama yodulidwa potapa kwa ejenti, komanso ndolo zomwe munaziona pakhomo la saluni. Mwezi ukatha phatikizani. Nambala yomwe ituluke ikhoza kukudzidzimutsani, koma ndi yokhayo yomwe mungayambirepo.

3. Dulani gawo lanu, mulipatse malo akeake

Apa ndiye pagona nkhani. Tsiku lomwe ndalama yalowa, yambani mwachotsa za lendi, chakudya, makala kapena magetsi, madzi, thiransipoti, fizi, chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi kangachepe kosungira matenda ndi maliro. Mukatero, dulani gawo la ndalama zosamalira thupi lanu.

Ine ndimadula K5 pa K100 iliyonse yomwe ndapeza. Tiyerekeze kuti mumalandira K400,000: gawo lanu ndi K20,000. Wolandira K150,000 gawo lake ndi K7,500. Ngati muli pa geni ndipo ndalama imabwera tsiku ndi tsiku, ponyani K500 m'kachitini madzulo aliwonse, pakutha masiku 30 mupeza K15,000. Mukhoza kukweza kapena kutsitsa malinga ndi katundu amene mwasenza pakhomo, koma mukasankha nambala, ikhale yomweyo kwa miyezi itatu kuti muone ngati ikukwana.

Chifukwa chodulira gawo m'malo molemba mndandanda wa zinthu zoti muzigula mwezi uliwonse n'chakuti mitengo kuno siikhazikika. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zodzola zambiri, mameshi, mawigi ndi mabelo a kaunjika zimachokera kunja, ndiye dola ikasowa kapena ikakwera, mtengo pashelefu umatsatira. Munthu amene analumbira kuti sasintha mafuta ake ndi amene amakatapa ndalama ya ndiwo. Amene anadula gawo amangoona kuti mwezi uno gawolo likukwana chiyani.

Ndalamayi isagone limodzi ndi ya pakhomo. Iikeni mu envelopu, kapena pa nambala ina ya foni yomwe simugulirapo mayunitsi. Ngati muli pabanja ndipo chuma mumayendetsera limodzi, auzeni abambo akunyumba kuchuluka kwa gawolo poyera. Kunena kamodzi kuti "gawo langa ndi ili" kumathetsa chizolowezi chobisa majumbo kuseri kwa chitseko ndi kutchula mtengo wabodza.

Envelopu ikatha, yatha. Ikatsala, musaibwezere ku ndiwo. Isiyeni idikire mwezi wamawa, chifukwa ndi mmene mudzagulire chinthu chachikulu popanda kukongola.

4. Yang'anani kalendala ya chaka chonse

Zambiri zomwe timati zatidzidzimutsa zinali zodziwika kale. Maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka mvula ikatha mpaka Disembala. Ukwati umodzi wa wachibale umafuna chitenje cha yunifolomu, telala, tsitsi, mphatso, ndi ndalama zosinthitsa za perekaniperekani. Khadi likangofika, kapena mukangomva mphekesera kuti uje akukwatiwa, lembani tsikulo ndipo yambani kupatula pang'onopang'ono.

Pamenepa ndinene maganizo anga mosabisa: simukakamizidwa kugula yunifolomu ya mwambo uliwonse. Ya mchemwali wanu weniweni, inde. Ya mnzake wa mnzanu wa kuntchito, valani chomwe muli nacho, kavineni ndi mtima wonse, perekani zomwe mungathe. Eni ukwati adzakumbukira kuti munabwera.

Nyengo nayo ili ndi zofuna zake. Juni ndi Julayi khungu limauma, milomo imang'ambika, zikang'a zimatuluka, ndiye mafuta amatha msanga. Okutobala ndi Novembala ndi thukuta, mumafuna mankhwala a m'khwapa ndi zovala zopepuka. Januwale ndi wa fizi, ndipo envelopu yanu mwezi umenewo ikhoza kupyapyala. Gulani zinthu nyengo yake isanafike kapena itangodutsa. Juzi ya pa kaunjika imatsika mtengo kukayamba kutentha, pamene aliyense akuthamangira madiresi.

5. Musanatuluke pakhomo

Lembani zomwe mukukagula, osapitirira zitatu, ndi mtengo womwe simungadutse pa chilichonse. Tengani ndalama yokwana zimenezo ndi thiransipoti basi. Idyani kaye kunyumba. Ndipo sankhani bwino wopita naye. Pali mnzanu amene chilichonse mukayesa amati "chakukhalani, tengani," ndipo pali amene amakufunsani kuti muvalira chiyani. Pitani ndi wachiwiriyo.

Masiku ano msika umatitsata mpaka pabedi. Mukutsekula WhatsApp usiku, pa status pali nsapato, pansi alemba kuti zatsala ziwiri zokha. Pa Facebook wina akuonetsa katundu amene wangofika kumene. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chomwe ndimachita ine n'kujambula chithunzicho, kulemba tsiku, n'kudikira masiku atatu. Ndikadzachifunabe pa tsiku lachitatu ndipo envelopu ikulola, ndimagula. Zambiri zimafera pa tsiku loyamba lomwelo. Ogulitsa amene zithunzi zawo zimakusowetsani tulo, bisani status yawo kufikira mutafuna kanthu.

Mukamagula kwa munthu amene simukumudziwa, musatumize ndalama yonse katundu musanamuone. Gwirizanani zokumana pamalo a anthu ambiri, gwirani chinthucho ndi manja anu, kenaka lipirani.

6. Pa kaunjika: maso, manja ndi kudekha

Kaunjika ndiye amativeka ambirife, kuyambira ku msika wa Tsoka ku Lilongwe, ku Limbe, ku Ndirande, ku Zomba, mpaka m'misika ya pamlungu ya kumudzi. Nayenso anakwera. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika anachita zionetsero ku Lilongwe podandaula za mtengo wa mabelo. Choncho ngakhale pa mulu, ndalama iyenera kugwira ntchito yake.

Yambani ndi kufunsa tsiku ndi nthawi yomwe amatsekula belo. Belo likangotsekulidwa mumapeza zabwino kwambiri, koma mtengo umakhala wokwera ndipo opikula amakhala atazungulira kale. Madzulo, kapena patatha masiku angapo, mtengo umagwa koma mumafunika kufukula kwambiri. Ngati mukufuna chinthu chimodzi chapadera, monga jekete ya kuntchito, lawirirani. Ngati mukufuna mabulauzi a tsiku ndi tsiku, pitani mochedwa. M'masitolo a DAPP namo mitengo imatsika katundu akamakhalitsa, ndiye funsani ogulitsa kuti watsopano amalowa liti, muziwerengera kuchokera pamenepo.

Musanachoke kunyumba, dziyezeni ndi tepi: chifuwa, chiuno, mahipi, ndi kutalika kwa siketi yomwe imakukhalani. Lembani m'foni, tepiyo muitenge. Manambala a pa kolala asakunamizeni, chifukwa 12 wa ku Britain si 12 wa ku America. Ngati mulibe tepi, pali njira ija ya amayi athu yozunguliza chiuno cha siketi pakhosi: nsonga zikakumana, kawirikawiri imakwana, ngakhale siiona za mahipi.

Mukapeza chokusangalatsani, chitembenuzeni kunja kukhale mkati. Yang'anani m'khwapa, pakolala, pakati pa miyendo ya buluku ndi m'mphepete mwa matumba. Kwezani nsaluyo kudzuwa muone timabowo ndi malo opyapyala. Kokani msoko pang'ono, yendetsani zipi kawiri. Batani losowa, mpendero womasuka ndi zipi yakufa zimakonzeka motchipa, ndipo ndi zifukwa zabwino zonenerera mtengo. Banga lachikasu la m'khwapa, lasitiki yotha mphamvu ndi chikopa chabodza chomwe chayamba kusupuka, zisiyeni ngakhale atakupatsani mwaulere.

Ponenerera, musaonetse kuti mtima wagwa. Sankhani zitatu kapena zinayi, chomwe mukuchifunitsitsa chikhale pakati, n'kufunsa mtengo wa zonse pamodzi. "Achimwene, zonsezi mundipangira bwanji?" Akatchula, nenani yanu mwaulemu, ndipo mukhale wokonzeka kuchokapo. Koma musanyoze katundu wa munthu kapena kumufinya mpaka adye mpamba wake. Venda amene mumamulemekeza ndi amene adzakusungirani chabwino belo likatsekulidwa, nthawi zina n'kuikapo banyira.

Mukafika kunyumba, chapani musanavale, yanikani padzuwa, sitani mbali zonse ziwiri.

Pali kawerengedwe kamodzi komwe kanasintha kagulidwe kanga: gawani mtengo ndi maulendo omwe mudzavale chinthucho. Tiyerekeze nsapato yolimba ya K30,000 yomwe muivale ka 120. Ulendo uliwonse ndi K250. Ina yonyezimira ya K12,000 yomwe idzaduka mutaivala ka 15, ulendo uliwonse ndi K800. Yotchipa pogula ija ndiye yakudyerani zambiri. N'chifukwa chake pa nsapato ya kuntchito, bra yabwino ndi chikwama cha tsiku ndi tsiku ndimalolera kudikira miyezi iwiri kuti ndigule cholimba.

7. Chitenje ndi telala

Chitenje chimodzi chabwino chimagwira ntchito zambiri kuposa diresi la m'sitolo. Amene muli kumpoto mukudziwa zitenje za ku Tanzania zomwe zimapezeka pa msika wa Taifa ku Mzuzu. Kulikonse komwe mukugula, yang'anani mbali zonse ziwiri: chabwino maluwa ake amaoneka pafupifupi mofanana kuseri ndi kumaso. Chikakhala cholimba ngati pepala, ndi sitachi, ndipo chikachapidwa chikhoza kutsala chopyapyala. Nyowetsani kansonga, tikitani pa kansalu koyera muone ngati chikusuluka. Mukagwirizana awiri kapena atatu kugula pisi yathunthu n'kudulirana, mtengo umatsika.

Chapani nsalu musanapite nayo kwa telala kuti ifupike isanadulidwe. Telala watsopano muyeseni ndi siketi, osati ndi diresi la ukwati. Gwirizanani mtengo, sitayilo ndi tsiku musanachoke, perekani theka, theka linalo potenga. Muuzeni tsiku lotsogola ndi mlungu wathunthu kuposa tsiku lenileni la mwambo, makamaka mu Disembala. Pemphani kuti asiye nsalu yokwanira m'misoko kuti thupi likasintha adzathe kukulitsa, ndipo zidutswa zotsala mutenge, zimatuluka duku kapena kachikwama.

8. Zodzoladzola: werengani musanalipire

Khungu silifuna zambiri. Sopo wosawawa, mafuta osunga chinyezi, mankhwala a m'khwapa, ndi kulitchinjiriza kudzuwa ndi chipewa kapena ambulera. Zina zonse ndi zokometsera. Glycerine wosakaniza ndi madzi pang'ono, kapena Vaseline wopakidwa thupi lisanaumiretu mutangosamba, amagwira ntchito yomwe mabotolo ambiri odula amalonjeza. Pa zikang'a, viikani mapazi m'madzi ofunda kwa mphindi 15, khulani ndi mwala mosakakamiza, pakani Vaseline wambiri, valani sokosi pogona. Mukachita izi katatu pa mlungu mu Juni ndi Julayi, zidendene sizifika pong'ambika mpaka kutuluka magazi.

Poyerekeza mitengo, musayang'ane kukula kwa botolo ndi maso. Werengani mamililita. Tiyerekeze botolo la 100ml pa K3,000 ndi la 400ml pa K9,000. Laling'ono likutuluka K30 pa mililita, lalikulu K22.50. Lalikulu likupulumutsa ndalama, koma pokhapokha ngati ndi mafuta omwe munawayesa kale ndipo mudzawamaliza. Chinthu chatsopano yambani ndi kakang'ono, pakani pang'ono mkati mwa mkono, dikirani masiku awiri. Pakayabwa kapena kutupa, musachifikitse kumaso. Sopo, mafuta ndi mapadi zimatchipa mukagula ku holoselo ngati Chipiku n'kugawana ndi achemwali anu kapena anzanu a kuntchito.

Zafeki zadzaza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yang'anani ngati zilembo zasindikizidwa mooneka bwino, ngati chivundikiro n'chomata, ngati pali tsiku lothera ntchito lomwe silinafufutidwe kapena kumatidwa pepala lina. Pa zopangidwa m'dziko muno yang'anani chizindikiro cha bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards. Perefyumu ya dzina lotchuka ikamagulitsidwa pa mtengo wa sopo, dziwani kuti mukugula botolo. Pewaninso zodzola zomwe zatandala padzuwa pa benchi tsiku lonse, chifukwa kutentha kumaziwononga. M'sitolo pemphani lisiti ndipo muisunge. Akakugulitsani chinthu chotha ntchito n'kukana kukusinthirani, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo lisitiyo ndiyo umboni wanu.

Tsopano nkhani yomwe imandipweteka mtima: mafuta oyeretsa khungu. Ndikupemphani, achemwali anga, ndalama yanu isapite kumeneko. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi hydroquinone, mercury, kapena mankhwala amphamvu a gulu la steroid monga clobetasol ndi betamethasone. Awiri omalizawa ndi mankhwala a matenda a pakhungu oyenera kulembedwa ndi dokotala kwa nthawi yochepa. Mukawadzola miyezi, khungu limapyapyala, mitsempha imaonekera, mizere imatuluka, ziphuphu zimabuka, ndipo bala limachedwa kupola. Hydroquinone wogwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amasiya mabanga akuda m'masaya omwe savomera kuchoka. Mercury amalowa m'thupi n'kuwononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo amafika kwa mwana amene ali m'mimba kapena woyamwa. Choopsa kwambiri ndi mafuta osakaniza okha, ogulitsidwa m'timabotolo topanda dzina, chifukwa simudziwa chomwe chilimo.

Ku mbali ya thumba nakonso ndi dzenje. Mukangoyamba, mumagula mwezi ndi mwezi, chifukwa mukasiya khungu limabwerera, kawirikawiri moipa kuposa kale. Ngati munayamba kale, makamaka aja a steroid, pitani kuchipatala kapena kwa katswiri wa ku famase akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono. Ndipo ngati vuto lanu ndi ziphuphu kapena mabanga, ulendo umodzi wa kuchipatala umatchipa kuposa mabotolo asanu oyesayesa.

9. Tsitsi

Kwa ambirife tsitsi ndilo limameza gawo lalikulu la envelopu. Liwerengereni pa mlungu. Tiyerekeze kuluka kwa K24,000, kuphatikizapo meshi, komwe kukhale milungu 6: ndi K4,000 pa mlungu. Sitayilo ya K10,000 yomwe ifumuka pakatha milungu iwiri ndi K5,000 pa mlungu, osawerengera thiransipoti ya maulendo owonjezera.

Gulani meshi nokha mutafunsa woluka kuti pafunika mapaketi angati, ndipo wotsala mubwere naye kunyumba. Funsani mtengo wonse musanakhale pampando, kuphatikizapo kutsuka ndi kuumitsa. Mukatsuka ndi kupesa nokha kunyumba, mumachotsako kena. Pewani Loweruka la kumapeto kwa mwezi ndi mlungu wa Khirisimasi, pamene saluni yadzaza ndipo manja akuthamanga. Pakati pa mlungu, pakati pa mwezi, woluka amakhala ndi nthawi komanso amamva mukanenerera. Amayi oluka pakhonde m'dera lanu ambiri ali ndi luso lofanana ndi a m'tauni. Onani mitu yomwe analuka, osati chikwangwani.

Woluka akamakoka kwambiri, nenani pomwepo: "Asisi, mumasuleko pang'ono kutsogoloku." Kuluka komwe kumakulepheretsani kugona, kapena kotulutsa timatuza m'mphepete, kumazula tsitsi la pachipumi, ndipo zikachitika kwa zaka silimeranso. Musasunge zoluka kupitirira milungu 6 mpaka 8, ndipo mukamasula lipumitseni tsitsi mlungu umodzi kapena iwiri. Nthawi yopumayi ndi yomwe envelopu nayo imapuma: mizere yolukana ndi mnzanu, duku la chitenje chotsala chija, basi. Amene mumaika mankhwala owongola tsitsi, dikirani milungu yosachepera 8 musanaikenso, ndipo apake pa lomera kumene lokha.

Kuti zoluka zikhalitse, mangani kansalu koterera pogona, ndipo pakani mafuta pang'ono pakhungu la mutu kawiri pa mlungu. Mafuta a nsatsi, omwe agogo athu ankadzola, akadali abwino pa ntchito imeneyi. Ndi olemera, ndiye kadontho kamakwana.

10. Ngongole, chipereganyu ndi banki nkhonde

Lamulo langa kuchokera Novembala uja ndi lakuti chodzola, chovala ndi tsitsi sindikongolera. Katundu wa "mudzapereka mwezi ukatha" kawirikawiri amakhala wokwera kuposa wa kashi, chifukwa wogulitsa amawerengera kudikira kwake ndi anthu omwe adzamuthawe. Katapila ndiye musayandikire n'komwe. Kubwereka K20,000 n'kudzabweza K30,000 chifukwa cha tsitsi lomwe mudzamasule ngongole isanathe ndi kudzimangirira mwala m'khosi.

Kukana kumavuta chifukwa ogulitsawa ndi anzathu, ena timapemphera nawo. Konzeranitu mawu. Ine ndimati, "Zikomo amayi, n'zokongoladi, koma mwezi uno bajeti yatseka. Ndikakonzeka ndikuimbirani, ndidzagula kashi." Ndipo ndikakonzekadi ndimawaimbira. Ubale sunathe ndi mmodzi yemwe.

Ngati muli kale ndi ngongole zingapo, zilembeni zonse, uzani aliyense tsiku lomwe adzalandire yake, ndipo envelopu ya miyezi ikubwerayi ipite kumeneko kuyambira ndi yaing'ono. Mulu wachiwiri uja wa pabedi ndi umene ukusungeni pa nthawiyi.

Pa chinthu chachikulu, monga wigi yabwino kapena makina oumitsira tsitsi, chipereganyu chimathandiza. Anthu asanu oponya K10,000 pa mwezi, aliyense amalandira K50,000 ikafika nthawi yake. Lowani ndi anthu omwe mukudziwa komwe amakhala ndi komwe amapeza ndalama, ndipo choponyacho chichokere mu envelopu yanu. Ngongole ya ku banki nkhonde isiyireni geni, feteleza ndi fizi, chifukwa ili ndi chiwongoladzanja. Ngati mukufuna kudzigulira kanthu kuchokera kumeneko, dikirani tsiku logawana, mupatule kagawo musanafike nazo kunyumba.

11. Kanthu kanu ka mwezi uno

Zofunika zikagulidwa, mu envelopu muzitsala kena, ngakhale K2,000, ka chinthu chomwe ntchito yake ndi kukusangalatsani basi. Chisankheni mwezi ukamayamba, chilembeni pachikuto cha kope lija, kuti muzichiyembekezera. Mwezi wina ndi kabotolo ka utoto wa zikhadabo, wina ndolo za pamsika, wina sopo wonunkhira amene simugawana ndi ana. Miyezi ina musagule kanthu, muphatikize itatu kuti mupeze perefyumu yeniyeni yaing'ono.

Mwezi wathawu changa chinali utoto wofiirira wa zikhadabo. Lamulungu titabwera kutchalitchi, mbale zitatsukidwa, ndinatereka madzi, n'kuitana mchemwali wanga ndi mwana wake wamkazi. Tinakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, mapazi m'beseni, wailesi ikulira chapansipansi. Iye anandiluka mizere isanu ndi umodzi, ine ndinamupaka zikhadabo za kumapazi, mtsikana uja akutigwirira kalilole. Mu envelopu munatsala K3,500, ndipo pachikuto cha kope ndalembapo kale nsapato yakuda ya kuntchito, ya mwezi wa mkuja.